Kutchuna kapena kugula? Mtsutso wa mafoda ochedwa pa Samba ndi Ceph

Mutu wa mtsutso: Mafoda ogawana akamachedwa pa Samba kapena NFS yomwe ili pamwamba pa Ceph kapena GlusterFS, woyang'anira makina atchune masetingi, asapemphe ndalama zogulira zida kapena kusintha kamangidwe.

Dandaulo lake limamveka mofanana kulikonse kumene anthu ambiri amasunga mafayilo pamalo amodzi, kaya ku yunivesite, ku nyumba youlutsira mawu kapena ku kampani yojambula mapulani a nyumba. Kanema wamkulu amakopeka bwinobwino, koma foda ya tizithunzi imatenga mphindi yathunthu kuti ioneke, ndipo kusunga kalata ya tsamba limodzi kumaimitsa kompyuta kwa masekondi angapo. Chimene chimawapweteka ogwira ntchito n'chakuti pansi pa fodayo pali maseva 5 kapena 10, odula kuposa seva imodzi yakale yomwe inkagwira ntchito yomweyo popanda wodandaula.

Kuti mkanganowu umveke, titsate kaye njira yomwe fayilo imadutsa. Kompyuta ya Windows imapempha mafayilo kudzera mu SMB, njira yomwe inayambira ku IBM mu 1983 Microsoft isanaitenge. Makompyuta a Linux nthawi zambiri amagwiritsa ntchito NFS, yomwe Sun Microsystems inatulutsa mu 1984. Pempho la SMB limafikira pa Samba, pulogalamu yomwe Andrew Tridgell anailemba ku Canberra n'kuitulutsa mu 1992. Kale ulendo unkathera pomwepo, chifukwa diski inkakhala m'bokosi lomwelo. Lero kumbuyo kwa Samba kumakhala Ceph, yomwe Sage Weil ndi anzake a ku University of California, Santa Cruz, anaifotokoza mu 2006. Ceph imadula fayilo m'zidutswa za 4 MiB n'kuzimwaza pa madiski ambiri. Diski iliyonse ili ndi pulogalamu yoiyang'anira yotchedwa OSD, ndipo chidutswa chilichonse chimasungidwa katatu ngati palibe wasintha lamulolo. Mayina a mafayilo, eni ake, kukula kwake ndi zilolezo zake, zomwe pamodzi zimatchedwa metadata, zimayang'aniridwa ndi seva yapadera, MDS. GlusterFS ilibe MDS. Imawerengetsa kuchokera pa dzina la fayilo kuti idziwe seva yomwe ikusunga fayiloyo, ndipo ikaisowa pamenepo imafunsa maseva onse.

Pa njira yotere pali miyezo iwiri imene anthu amaisakaniza. Woyamba ndi kuchuluka kwa deta yodutsa pa sekondi imodzi. Wachiwiri ndi nthawi yomwe funso limodzi limatenga kupita n'kubwera ndi yankho, yomwe akatswiri amaitcha latency. Tiyerekeze kuti tili ndi mafayilo 100,000 a 20 KB iliyonse, onse pamodzi 2 GB. Chingwe cha 1 Gbps chimadutsitsa pafupifupi 110 MB pa sekondi, ndiye akadakhala fayilo imodzi akadafika m'masekondi 18. Koma ngati fayilo iliyonse ikufuna mafunso 10 otsatizana, ofufuza dzina, otsegula, olemba, oika zilolezo ndi otseka, funso lililonse n'kumatenga milisekondi imodzi, ntchito yonse itenga masekondi 1,000, pafupifupi mphindi 17. Zili ngati kulowetsa thumba limodzi la chimanga mu nkhokwe poyerekeza ndi kulowetsa chimanga chomwecho m'timapepala, kapepala kalikonse n'kumakasainira kwa kapitawo. Mbali zonse ziwiri zimavomereza masamu amenewa. Zimasiyana pa choyenera kuchita.

Mbali yovomereza

1. Mafunso ambiri ndi osafunika, ndipo ena amachotsedwa ndi mzere umodzi wa masetingi. Windows siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a mafayilo. Kwa iyo Lipoti.docx ndi lipoti.docx ndi fayilo imodzi, pamene kwa Linux ndi mafayilo awiri. Samba imakhala pakati pa ziwirizi, choncho ikafunsidwa dzina n'kulephera kulipeza monga lalembedwera, siingayankhe msanga kuti kulibe. Imayamba yawerenga foda yonse, dzina ndi dzina, kuona ngati lilimo m'zilembo zina. Ndiye kumbukirani kuti fayilo yatsopano iliyonse, isanalembedwe, dzina lake limakhala loti kulibe. Foda ya mafayilo 50,000 imawerengedwa yonse kuti ilandire fayilo imodzi, ndipo yotsatira ikamabwera imawerengedwanso. Diski ikakhala m'bokosi lomwelo vutoli limabisala. Pa cluster, gulu la maseva ogwira ntchito limodzi, kuwerengako kungafune kufunsa MDS, ndipo pa Gluster kumafuna kufunsa maseva onse osunga foda imeneyo. Malangizo a eni ake a Samba amanena kuti mafoda akuluakulu otere aikidwe case sensitive = yes, ndipo kufufuzako kumalekeka pomwepo. Gluster nayo ili ndi lookup-optimize, yoletsa kufunsa maseva onse popanda chifukwa, ndi nl-cache, yokumbukira kwa kanthawi mayina omwe afufuzidwa kale n'kusowa. Ovomereza amati munthu wogula madiski a changu asanachotse mafunso amenewa akulipira ndalama kuti ntchito yosafunika izichitika mofulumira.

2. Masetingi omwe pulogalamu imabwera nawo sanapangidwire seva yanu. Amasankhidwa kuti pulogalamu izidzuka ngakhale pa makina ofooka. Pa Ceph ya masiku ano, mds_cache_memory_limit imabwera ili pa 4 GiB. Mafayilo omwe anthu akugwiritsa ntchito akachuluka kuposa omwe metadata yawo ingakwane mmenemo, MDS imayamba kutaya zina, kuuza makompyuta olumikizidwa kuti abweze zomwe agwira, kenako n'kukaziwerenganso ku madiski. Pamenepo n'kuti seva ili ndi RAM ya 128 GB yomwe yangokhala. Chimodzimodzi osd_memory_target, yomwenso imabwera ili pa 4 GiB pa OSD iliyonse. Kuyambira pa Ceph Luminous ya 2017, ma MDS angapo angathe kugwira ntchito limodzi, ndipo woyang'anira angamangirire foda ya dipatimenti ina ku MDS yake ndi ceph.dir.pin. Olemba Gluster anafika posonkhanitsa masetingi oyenera Samba m'gulu limodzi loikidwa ndi lamulo limodzi. Eni pulogalamu akamapereka okha masetingi otere, akuvomereza kuti omwe imabwera nawo sakwanira pa ntchito iliyonse.

3. SMB ndi NFS zili kale ndi changu chomwe ambiri sachigwiritsa ntchito. SMB2, yomwe inabwera ndi Windows Vista, inachepetsa malamulo kuchoka pa oposa 100 kufika pa 19 ndipo imalola kumanga mapempho angapo m'phukusi limodzi. SMB 2.1 inabweretsa ma lease, chilolezo choti kompyuta isunge fayilo mu RAM yake n'kumaiwerenga osafunsanso seva, bola pasakhale wina woisintha. SMB 3.0 ya 2012 inabweretsa multichannel, yogawa katundu pa zingwe zingapo, ndipo Samba 4.15 ya 2021 inasiya kuitcha yoyeserera. Kumbali ya NFS, Linux 5.3 ya 2019 inabweretsa nconnect, yolola kulumikizana ndi seva imodzi mpaka ka 16 nthawi imodzi, ndipo NFSv4 ili ndi ma delegation, ogwira ntchito mofanana ndi ma lease. Zonsezi n'zolipiriratu. Chosowa ndi munthu woti aone ngati zayaka.

4. Zida zogulidwa musanayeze vuto kawirikawiri sizilichiza. Bwererani ku mafayilo 100,000 aja. Mukachotsa swichi ya 1 Gbps n'kuika ya 10 Gbps, masekondi 18 odutsitsa deta atsika kufika pa 2, koma masekondi 1,000 a mafunso adzatsika pang'ono chabe, chifukwa nthawi yambiri ikuthera m'mapulogalamu ndi m'madiski, osati m'chingwe. Mabungwe amagula swichi chifukwa ndi chinthu chooneka ndi maso ndiponso chosavuta kufotokozera oona za chuma. Kwathu kuno, komwe chida chilichonse chotere chimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, kulakwitsa pogula kumatanthauza kudikira bajeti ya chaka chamawa.

5. Setingi ikakanika imabwezedwa tsiku lomwelo. Kusamutsa deta yochuluka kupita pa kamangidwe kena kumatenga masabata, ndipo kubwerera n'kovuta.

Mbali yotsutsa

1. Pali malire omwe setingi siingadutse. Diski yozungulira ya 7,200 rpm imatenga mamilisekondi 8.3 kuzungulira kamodzi, choncho mutu wake umadikira pafupifupi mamilisekondi 4 kuti malo ofunikawo afike pansi pake, osawerengera nthawi yosuntha mutuwo. N'chifukwa chake diski yotere imakwanitsa ntchito zomwazikana pafupifupi 100 zokha pa sekondi. Ceph siivomereza kuti yalemba mpaka OSD yoyamba italandira yankho kwa inzake iwiri, kutanthauza kuti pulogalamu yomwe ikudikira chitsimikizo imayenda pa liwiro la diski yochedwetsetsa mwa zitatuzo. Maseva akamachuluka vutoli limakula m'malo mochepa. Jeffrey Dean ndi Luiz André Barroso a ku Google anaonetsa masamu ake mu 2013: ngati seva iliyonse imachedwa pa pempho limodzi mwa 100, ndipo ntchito yanu ikufuna yankho la maseva 100, ntchito 63 mwa 100 zilizonse zidzachedwa. Diski imodzi yodwala imakoka cluster yonse. MDS nayo imagwira ntchito yake yaikulu pa core imodzi ya purosesa, ndipo malangizo a Ceph amanena kuti imafuna purosesa ya liwiro lalikulu. Ngati muli nayo yochedwa, mungaipatse RAM yochuluka bwanji, mzere wa mafunso ukhalapobe.

2. Masetingi omwe amapereka changu chachikulu ndi omwe amachotsa chitetezo. Apa ndi pomwe otsutsa amatsindika kwambiri. Pulogalamu ikalemba chinthu chofunika imauza seva kuti chifike pa diski penipeni isanapitirize. Mukaika async pa seva ya NFS, seva imayankha kuti chafika chikadali mu RAM. Mukaika strict sync = no pa Samba, pempho lomwelo limanyalanyazidwa. Mayeso amaonetsa liwiro lokwera kwambiri, ogwira ntchito amayamikira, ndipo kwa miyezi palibe chooneka cholakwika. Tsiku lomwe magetsi athima batire la UPS litafooka, kapena seva yazima yokha, deta yomwe pulogalamu inauzidwa kuti yasungidwa imakhala kulibe, ndipo palibe uthenga wochenjeza, chifukwa kompyuta inalandira kale yankho loti zonse zili bwino. Fayilo yowonongeka ingapezeke patapita masabata, makope osungira atalembedwa kale pamwamba ndi yowonongekayo.

Mbiri ya masetingi amenewa ikuonetsa komwe olemba mapulogalamu anapendekera. Mpaka pa nfs-utils 1.0.0, seva ya NFS ya Linux inkabwera ndi async, ndipo yotsatira iliyonse imabwera ndi sync. Samba 4.7 ya 2017 inasintha strict sync kuchoka pa no kupita pa yes. Gluster ili ndi write-behind, yovomereza zolembedwa zisanafike ku maseva osungira, ndipo mu 2020 Samba inafika pokana kulumikizana ndi voliyumu ya Gluster yomwe write-behind yake ili yoyaka, chifukwa inkatha kuwononga deta anthu awiri akamalemba fayilo imodzi. Pa Ceph, ena amatsitsa makope kuchoka pa 3 kufika pa 2 n'kulola kulemba ngakhale kope litatsala limodzi. Amapindula malo ndi changu, koma diski yotsalayo ikafa inzake isanakonzedwe, zolembedwa zonse za m'nthawi imeneyo zimapita nayo. Otsutsa amati anthu omwe analemba mapulogalamuwa ankadziwa kuti akuwachedwetsa, ndipo anasankha dala kutero.

3. Kusunga zinthu mu RAM ndi kugawana fayilo imodzi siziyendera limodzi. Kompyuta ya Linux imakhulupirira zomwe ikudziwa za fayilo ya pa NFS kwa masekondi 3 mpaka 60 isanafunsenso. Mukakweza actimeo mafunso amachepa, koma mnzanu wa tebulo lina amaona fayilo yakale kwa nthawi yaitali. Windows nayo imakumbukira kwa masekondi 5 kuti fayilo kulibe, ndipo aliyense amene anaikapo sikana yotumiza zikalata mu foda yogawana amadziwa mkangano womwe masekondi amenewa amabweretsa. CephFS imalola kompyuta imodzi kusunga zolemba zake mu RAM, koma yachiwiri ikangotsegula fayilo yomweyo kuti ilembe, MDS imalanda chilolezocho kwa onse awiri, ndipo kuyambira pamenepo cholemba chilichonse chimapita ku ma OSD n'kudikira yankho. Izi si zolakwika zoti zikonzedwe, ndi mmene Ceph imaonetsetsera kuti awiriwo akuona chinthu chimodzi. Pulogalamu ya maakaunti yomwe anthu 20 amatsegula fayilo yake imodzi nthawi imodzi imagwera m'dzenje limeneli tsiku lililonse. Mukawonjezera maseva a Samba n'kuwagwirizanitsa ndi CTDB kuti ina ikafa ina ipitirize, mwawonjezanso mafunso, chifukwa mbiri ya amene watsegula fayilo iti imayenera kusamutsidwa pakati pa masevawo. Pali setingi yotchedwa fake oplocks yomwe imauza kompyuta iliyonse kuti ili yokha. Imafulumizadi, ndipo pa foda yomwe anthu amalemberamo imawononga mafayilo.

4. Malangizo ambiri omwe amayendayenda ndi akale. Mzere wa socket options wokhala ndi SO_RCVBUF ndi SO_SNDBUF umakoperedwa kuchoka pa seva ina kupita pa ina kwa zaka zambiri, chikhalirecho Linux ya lero imasintha yokha kukula kwa malo amenewo malinga ndi netiweki, ndipo kulembapo nambala kumazimitsa luso limenelo. Eni ake a Samba amalangiza kuuchotsa. Masetingi a aio read size ndi aio write size, omwe ambiri amawalembabe ndi manja, akhala akubwera oyaka kuyambira pa Samba 4.8 ya 2018. Kukweza MTU, kukula kwa phukusi lililonse la deta pa netiweki, kufika pa 9000 kumathandiza pang'ono ngati chida chilichonse panjira chavomera, koma doko limodzi la swichi likatsalira pa 1500, timauthenga ting'onoting'ono timadutsa, akuluakulu amatayika, ndipo ma OSD amayamba kuganizirana kuti afa. Ena amazimitsa kusaina kwa mauthenga a SMB kuti apulumutse purosesa, pamene Microsoft inapita mbali inayo n'kukupanga kukhala kokakamiza mu Windows 11 24H2, pofuna kutseka njira yomwe akuba amadutsiramo podzionetsa ngati munthu wina.

5. Tsiku loyesa silifanana ndi tsiku la ntchito. Mayeso ambiri amachitika usiku, ndi fayilo imodzi yaikulu, cluster ili yathanzi ndipo ilibe wina woigwiritsa ntchito. Sanena kanthu za Lolemba m'mawa pamene anthu 200 akutsegula mafoda, diski imodzi yafa ndipo Ceph ikukopera zidutswa zake kwina. Cluster yomwe imakwanitsa ntchito chifukwa chotchunidwa mpaka pamapeto ilibe mpata wa tsiku lotere. Ndipo wotchunayo akachoka ntchito, wolowa m'malo amapeza mizere 40 yomwe palibe akudziwa chifukwa chake, n'kumaopa kuchotsa ngakhale umodzi.

6. Nthawi zina chotchunidwacho chilibe tsogolo. Red Hat inagula kampani ya Gluster mu 2011 pa madola 136 miliyoni, koma inasiya kuthandiza Red Hat Gluster Storage kumapeto kwa 2024. Miyezi yothera kufinya changu pa voliyumu ya Gluster ikadatha kugwiritsidwa ntchito pokonza zosamuka.

Kuyeza mbali zonse

Mkanganowu umatalika chifukwa mbali ziwirizi zikamanena za kutchuna sizikunena chinthu chimodzi. Ovomereza akuganiza za case sensitive, RAM ya MDS ndi nconnect. Otsutsa akuganiza za async, write-behind ndi makope awiri. Gulu loyamba la masetingi limachotsa ntchito yomwe sinkafunika kapena limagwiritsa ntchito zida zomwe zinangokhala. Gulu lachiwiri limachotsa chitsimikizo chomwe pulogalamu inapempha. Pa fayilo ya masetingi zonsezi zimaoneka mofanana, mzere ndi mzere, ndipo n'chifukwa chake munthu wotopa ndi madandaulo amaziika zonse usiku umodzi.

Pa gulu loyamba ovomereza apambana, ndipo sindikuona chifukwa choti bungwe litulutse ndalama zisanachitike zimenezi. Komabe ngakhale pamenepa pali mtengo wake umene ovomereza anaudumpha. Foda yoikidwa case sensitive = yes imasokoneza pulogalamu yakale yomwe imalemba dzina m'zilembo zazikulu n'kumalifuna m'zazing'ono, choncho setingi imeneyi ndi ya foda yolandira zithunzi kuchokera ku makina, osati ya foda ya aliyense. Pa gulu lachiwiri otsutsa apambana, kupatula pa deta yomwe ingapangidwenso ikatayika, monga mafayilo a kanthawi a pulogalamu yokonza makanema kapena zotsatira za kuwerengetsa komwe kungabwerezedwe. Pamenepo async ndi chisankho chomveka, bola mwini detayo adziwe n'kuvomera. Chosayenera n'choti woyang'anira makina asankhe yekha m'malo mwa wa maakaunti amene sakudziwa kuti chisankhocho chilipo.

Mfundo yachinayi ya ovomereza, yoti musagule musanayeze, ndi yamphamvu kuposa zonse, kungoti imadula mbali zonse. Kusatchuna musanayeze n'kofunikanso chimodzimodzi. Kuyezako kumayenda malo ndi malo: iperf3 pa chingwe chokha, fio ya Jens Axboe pa diski imodzi, kenako pa CephFS yolumikizidwa mwachindunji pa seva ya Samba, pomaliza kuchokera pa kompyuta ya wogwiritsa ntchito, ndi mafayilo ofanana kukula ndi omwe anthu amasungadi. Pomwe nambala yagwa kwambiri ndi pomwe pali vuto. Ngati CephFS payokha ikupanga mafayilo mofulumira koma kudzera pa Samba ikukwawa, vuto lili m'masetingi ndipo kugula n'kutaya ndalama. Ngati ikukwawa Samba isanalowepo, ndipo ceph osd perf ikuonetsa madiski akuchedwa kuyankha, palibe mzere wa smb.conf, fayilo ya masetingi a Samba, womwe ungathandize.

Mawu omwe akugwetsa mutuwu ndi akuti asapemphe. Chithandizo chachikulu pa mafayilo ang'onoang'ono chimafuna zonse ziwiri, setingi ndi chida. Metadata ya CephFS imakhala m'malo akeake, ndipo ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi deta. Kuisamutsira pa SSD ndi lamulo limodzi la CRUSH, njira yomwe Ceph imasankhira madiski osungira deta, koma ma SSD amenewo ayenera kukhalapo, osachepera 3 pa maseva osiyana. BlueStore, njira yolembera deta pa diski yomwe Ceph yakhala ikubwera nayo kuyambira 2017, ikaikiridwa WAL ndi DB yake pa SSD, imatha kuvomereza zolemba zing'onozing'ono zikangofika pa SSD n'kuzipititsa ku diski yozungulira pambuyo pake, popanda kunamiza aliyense. Chofunika n'chakuti ma SSD amenewa akhale okhala ndi chitetezo cha magetsi akathima. SSD wamba ya m'laputopu imathamanga mpaka itauzidwa kutsimikiza cholemba chilichonse, ndipo pamenepo imagwa kwambiri. Ndalama za ma SSD ochepa otere sizifika pa za swichi yatsopano kapena seva ina, ndipo zimapita pomwe pali vuto. Pempho lotere, lokhala ndi manambala a kuyeza kumbuyo kwake, woyang'anira makina asachite nalo manyazi.

Patsala ntchito yomwe kutchuna kapena kugula sikungaithandize, chifukwa inaikidwa pamalo posayenera. Ceph inapangidwa kuti izisunga deta yochuluka kuposa yomwe bokosi limodzi lingakwanitse, kuti izipitiriza seva ikafa, ndiponso kuti izitumikira makompyuta ambiri nthawi imodzi. Ku CERN amaigwiritsa ntchito pa zifukwa zimenezi. Munthu mmodzi wodikira funso limodzi sapindula nazo, amangolipira maulendo owonjezera. Fayilo ya maakaunti ya 2 GB yomwe anthu 20 akulimbirana ingachite bwino pa seva imodzi ya ma NVMe awiri osunga makope ofanana, kapena bwino koposa itasamutsidwira mu database yeniyeni monga PostgreSQL, kope lake n'kumapita ku Ceph usiku uliwonse. Makanema, zithunzi zakale ndi zikalata zosungidwa zitsale pa cluster. Choncho mutuwu ndikuuvomereza ngati ukunena za choyamba kuchita, ndipo ndikuukana ngati ukunena za chokhacho choyenera kuchita. Setingi iliyonse isinthidwe payokha, iyezedwe, ilembedwe tsiku ndi chifukwa chake pamwamba pa mzere wake, ndipo zokhudza sync ndi chiwerengero cha makope zisasinthidwe popanda siginecha ya mwini deta.